Pamene Nsomba Zouluka Zinkadzaza Magombe a Barbados

Pa 1 Julayi 2024 namondwe wotchedwa Beryl anadutsa chakum'mwera kwa chilumba cha Barbados. Kumtunda sanagwetse zambiri, koma mafunde amene anautsa analumpha khoma la miyala lotchinga doko la asodzi mumzinda wa Bridgetown, n'kuyamba kuombanitsa maboti amene eni ake anawathawitsira mmenemo. Maboti oposa 200 anawonongeka, ena anamira zingwe zili chimangire. Akunja amene anaona zithunzizo anadandaula za chuma chimene chinalowa m'madzi. Eni chilumba anali ndi nkhawa inanso, pakuti namondweyu anagwa pa bala lakale. Kwa zaka zoposa khumi, nsomba imene ambiri mwa mabotiwo anakhomedwera kuti azikapha, nsomba youluka, inali ikusowa m'misika chaka ndi chaka.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo nyanja yamchere ndinaiona ndili wamkulu kale. Za nsombayi ndinazidziwira m'banja. Ndinakwatiwa ku Reading, ku England, tawuni imene anthu ambiri ochokera ku Barbados anakhazikikamo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Apongozi anga aamuna ndi mmodzi wa amenewo. Anabadwira ku Oistins, mudzi wa asodzi kugombe la kum'mwera kwa chilumbacho, ndipo asanawoloke kubwera ku Ulaya anali atayamba kale kulowa panyanja ndi bambo awo. Mlongo wawo, amene tonse timangowatcha azakhali, anatsala komweko, ndipo akalambira pamsika wa nsomba mpeni uli m'manja. Zambiri zimene ndilembe pano ndinazimva kwa anthu awiriwa, zina ndinaziona ndekha pokacheza, zina ndi zimene akatswiri anapeza. Chandikakamiza kulemba n'chakuti ana anga nsomba youluka amaidziwa bwino pa ndalama yachitsulo ya dola imodzi ya dzikolo, pamene chithunzi chake chinadindidwa, kusiyana ndi m'mbale.

M'nyanja zofunda za dziko lapansi muli mitundu yoposa 60 ya nsomba zouluka, ndipo yonse imakhala pamwamba penipeni pa madzi, kutali ndi gombe. Mtundu umene wadyetsa Barbados asayansi amautcha Hirundichthys affinis. Ndi kansomba kowonda, kotalika masentimita 20 mpaka 25, kabuluu woderapo kumsana, koyera mbee kumimba, ka maso aakulu. Kakagona pathebulo la pamsika sikaoneka kachilendo ayi. Koma tsinani nsonga ya chipsepse cha m'mbali n'kuchikoka, muona chikutambasuka mpaka kutsala pang'ono kufika kumchira, chopyapyala moti kuwala kumadutsa, choyalidwa pa timinga tolimba. Chakumimba kuli zipsepse zina ziwiri zocheperapo, ndiye mapiko onse pamodzi ndi anayi. Mchira ndi wamphanda, ndipo nthambi yake yam'munsi ndi yaitali kuposa yam'mwamba.

Nsombayi sikupiza mapiko. Ikaona mdani imathamanga pansi pa madzi mapiko itapinda, n'kutumphukira kunja. Thupi likakhala kuti latuluka, nsonga ya mchira ija imatsala m'madzi ikupalasa mothamanga zedi, mpaka ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo pamadzi pamatsala kamzere kokhotakhota. Liwiro likakwana imatambasula mapiko akumimba aja, mchira n'kuchoka m'madzi, basi yanyamuka. Nthawi zambiri imayandama mumpweya mamita ngati 50, koma ikayamba kutsika imaviikanso mchira, kupalasa, n'kunyamukanso, ndipo ikatero kangapo imatha kufika mamita 400 isanamire. Mu Meyi 2008 ojambula a wailesi yakanema ya NHK ya ku Japan anajambula nsomba youluka ili m'malere kwa masekondi 45 pafupi ndi chilumba cha Yakushima. Mu 2010 akatswiri a pa Seoul National University, ku South Korea, anaika nsomba zouluka zoumitsa m'chipinda chopemerera mphepo, n'kupeza kuti zimayandama mumpweya bwino lomwe mofanana ndi mbalame zina za m'madzi, ndiponso kuti kuulukira m'munsi, pafupi ndi mafunde, kumaziwonjezera mtunda.

Zonsezi ndi zothawira imfa. Yokha imadya tizamoyo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, koma oisaka ndi ambiri: tuna, marlin, makamaka mahi-mahi, nsomba yaliwiro imene a ku Barbados amaitcha dolphin. M'mwamba namo muli mbalame zodikira kuiwakha. Apongozi amati ukaona gulu la nsombazi likubuka pamodzi kutsogolo kwa boti, waa, usayang'ane zoulukazo koma m'madzi pansi pake, uona chinthu chobiriwira chikuzitsata, chikudikira pamene zitere.

Chimene chinandikhudza mtima nditachimva ndi kufupika kwa moyo wake. Kuyambira mu 1987, akatswiri a pa Bellairs Research Institute ku Holetown ndi a pa University of the West Indies ku Cave Hill anafufuza nsombayi kwa zaka zingapo. Mwa zina anawerenga timizere ta pa timiyala ta m'khutu mwake, timene timawonjezeka kamodzi tsiku lililonse, ndipo kafukufuku wawo anasonyeza kuti moyo wake ndi wa chaka chimodzi basi. Imakhwima ikatha miyezi isanu kapena isanu ndi iwiri, imaswana pakati pa Disembala ndi Juni, kenako imafa. Ndiye kuti nsomba iliyonse imene munthu wadya pa Pasaka inali dzira nyengo yathayo. M'nyanjamo mulibe zikuluzikulu zakale zoti n'kubwezeretsa mtundu zinthu zikavuta. Chaka chilichonse chimadalira chinzake chapitacho.

Mazira akewo sayandama paokha. Ndi olemera kuposa madzi, ndipo lililonse lili ndi tiulusi tomata. Choncho nsomba yofuna kuikira imayendayenda kufunafuna chilichonse choyandama, kaya ndi chipika chokokoloka mumtsinje wa ku South America, tsamba la kokonati, kapena udzu wa m'nyanja. Imodzi ikachipeza zinzake zimakhamukira pomwepo, zazikazi zikuikira, zazimuna zikuthira mbewu, mpaka chinthucho chimalemera ndi mazira n'kuyamba kumira. Zina zimakodwa mu ulusi wa mazira omwewo n'kufera pomwepo. Pa nthawi imeneyi nsomba yamantha ija imaiwala mantha onse, moti munthu akhoza kuitola ndi dzanja. Usodzi wonse wa ku Barbados, kuyambira wa matanga mpaka wa injini, unatsamira pa khalidwe limodzi lomweli.

Angerezi anakhazikika pachilumbachi mu 1627, ndipo m'zaka za m'ma 1640 anayamba kudzala nzimbe paliponse, olima ake ali akapolo ogwidwa ku Africa. Chilumba chake n'chaching'ono, makilomita 34 m'litali ndi 23 m'lifupi, ndipo nzimbe zinalanda pafupifupi nthaka yonse. Ndiwo zinkachokera m'migolo ya nsomba zamchere zoitanitsa kunja, apo ayi m'nyanja. M'busa Griffith Hughes, amene ankatumikira m'dera la St Lucy, anaitchula nsomba youluka m'buku lake la zachilengedwe za pachilumbachi la mu 1750. Ukapolo utatheratu mu 1838, omasulidwawo anapeza kuti munda uliwonse uli ndi mwini wake. Nyanja yokha ndiyo inalibe mwini, ndipo makolo a apongozi anga anali m'gulu la amene analowera kumeneko.

Chaka cha m'mudzi wa asodzi chinkayenda ndi nsombayi. Inkayamba kuoneka chakumapeto kwa Novembala, n'kuchuluka m'miyezi yomwe ija yodula nzimbe, pamene anthu a m'minda anali ndi kangachepe m'thumba. Ikatha cha mu Juni kapena Julayi, nzimbe nazo zatha, nyengo ya anamondwe yafika. Ngalawa ankazikokera kumtunda kuti azikonze, ndipo njala inkagogoda pakhomo. Amuna ena ankadikira Seputembala kuti ayambe kumira pansi pa nyanja kutola tinyama taminga totchedwa sea egg, ena ankatchera miono pafupi ndi gombe.

Apongozi akayamba za ngalawa za matanga, tiyi amazizira m'kapu. Zinali zamatabwa, zotalika mamita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, zapululu pamwamba, ndipo munkakwera anthu atatu, kawirikawiri akulu awiri ndi mnyamata. Thanga linali lalikulu kuposa msinkhu wa ngalawayo, chifukwa liwiro ndilo linali ndalama. Kuti isatembenuzike, pansi pake ankaunjikapo zitsulo zakutha, zambiri zotola m'mafakitale a shuga, ndipo nthawi iliyonse ngalawa ikakhota, zitsulozo zinkafunika kuzisamutsira mbali imene kukuchokera mphepo, ndi manja, mwachangu. Imeneyo inali ntchito ya mnyamata, ndipo zala za apongozi zidakali ndi zipsera zake. Akachedwa pang'ono, kapena mphepo ikabwera modzidzimutsa, madzi ankalowa, ndipo ngalawa yodzaza zitsulo simachedwa kumira.

Ankanyamuka mbandakucha. Akafika pamene madzi asintha mtundu, pamene mbalame zikuzungulira, ankatsitsa thanga, kuzula mlongoti n'kuugoneka, ngalawa n'kumangotengeka ndi madzi. Kenako dengu la nyambo. Munkakhala nsomba za dzana zoola, ndipo ankalipachika m'mbali mwa ngalawa kuti funde lililonse likalimiza, mafuta ndi tizidutswa zizimwazika. Apa phokoso linali loletsedwa. Zoyamba kubwera ankaziwedza ndi timbedza ting'onoting'ono, ndipo gulu likaunjikana n'kuyamba kudzikhuza kungalawa, ankatenga kaukonde kam'manja kosokerera pa mkombero wamtengo n'kumangotunga. Tsiku labwino ankatunga mpaka nsomba kufika m'maondo.

Chida chimene asodzi a lero amachidalira kwambiri ndi screeler. Ndi mtolo wa masamba ouma a nzimbe, kapena a kokonati, womangidwa bwino n'kuuponya pamadzi uli pachingwe. Nsomba yofuna poikira imauona ngati mwayi, imabwera ndi anzake, ndipo msodzi amakoka mtolowo pang'onopang'ono kuti gulu lonse liyandikire ukonde. Za pamene mitoloyi inayambira, akuluakulu anga awiriwa sagwirizana. Apongozi amati masiku a bambo awo chachikulu chinali dengu lija ndi chipika chilichonse chimene mwakumana nacho, ndipo mitolo inafala pambuyo pake. Azakhali amati iwo chiyambire ali kamtsikana ankaona amuna akumanga masamba a nzimbe pamchenga. Ndawafunsa onse awiri kangapo, ndipo aliyense waima pomwepo.

Kubwerera ndiko kunali koopsa. Barbados ndi chilumba chathyathyathya, phiri lake lalitali, Mount Hillaby, n'la mamita ngati 340 okha, ndipo chili pachokha chakum'mawa kwa zilumba zinzake. Ukatalikira pang'ono chimabisika kuseri kwa mafunde. Asodziwo analibe kampasi. Ankayang'ana dzuwa, mitambo imene imaunjikana pamwamba pa mtunda, ndi mbali imene mafunde aakulu akuchokera, ndipo kukada ankafunafuna nyali ya pansanja ya South Point, imene inamangidwa mu 1852 pafupi ndi Oistins. Wophonya chilumba, mphepo ndi madzi zinkamukankhira kumadzulo. Wamwayi ankakatulukira ku St Vincent kapena ku St Lucia, makilomita oposa 150, patapita masiku, kwawo atayamba kale kulira. Ena sankatulukira kulikonse. Mawailesi am'manja atafika, asodzi anapeza nzeru ina: ankatembenuza wailesi uku ndi uku, kumvetsera mbali imene mawu a siteshoni ya kwawo akumveka kapena kuzimirira, n'kudziwa kolowera.

Kugombe nako kunali mpikisano. Ayezi kunalibe, ndiye ngalawa yoyamba kukocheza ndiyo inkagulitsa pa mtengo wabwino. Azakhali amakumbuka kulira kwa nkhono yaikulu ya m'nyanja, yoboola kunsonga, imene inkaimbidwa matanga akangoonekera, ndipo mudzi wonse unkatsikira kumchenga. Nsomba youluka sigulitsidwa pa sikelo, amaiwerenga, mpaka lero. Amayi ogulitsa ankawerengera zawo m'mathireyi amatabwa, kusenza pa nkhata, n'kuuyamba wothamanga kulowera kumidzi ya m'minda ya nzimbe, akufuula kuti nsomba, nsomba, ndi kuchuluka kwa zimene munthu atenge pa ndalama yake. Dzuwa likamapendeka chiwerengerocho chinkakwera. Masiku amene ngalawa zonse zabwera zodzaza, pofika chisisira mfuu inkasintha n'kukhala yakuti tengani zonse zimene mungathe pa kakobiri kamodzi, ndipo zotsala ankazikwirira mumchenga. Mphepo ikaleka masana, ngalawa zinkafika usiku nsomba zitayamba kale kununkha, thukuta la tsiku lonse n'kupita pachabe. Mumzinda, mumsewu wa Baxter's Road, amayi ena ankakazinga nsomba m'miphika yachitsulo pamakala mpaka usiku wonse.

Boma linakhazikitsa nthambi yoona za usodzi mu 1944, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 linabweretsa matchera, ukonde woimika m'madzi umene nsomba imakodwamo ndi makha ake. Nsomba zophedwa zinachuluka. Kenako pa 22 Seputembala 1955 kunabwera namondwe Janet, amene anapha anthu 38 pachilumbachi, kugwetsa nyumba zambirimbiri ndi kuswa ngalawa. Pokonzanso zinthu, boma linathandiza asodzi ndi ngongole kuti akhome maboti a injini, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 matanga anali atatha panyanja. Apongozi amawadandaula matangawo, amati munthu wa injini sadziwa mphepo. Ine ndimawamvetsa, koma mtima wanga uli ndi azakhali, amene amawerenga pa zala mabanja a ku Oistins amene bambo wawo anapita m'mawa osabweranso. Injini inachepetsa amasiye. Luso limene limafuna kuti mwana wa zaka 12 azinyamula zitsulo pakati pa mafunde silofunika kulilira kwambiri.

Chimene ndimachilira ine ndi cha okhoma maboti. Ulendo wanga woyamba ndinawapeza ku Six Men's, kumpoto kwa Speightstown, boti lili chiimire pamchenga pansi pa mitengo, nthiti zake zili pamtunda. Nthitizo ankazisema ku nthambi za mahogany zopindika kale mwachilengedwe, ndipo mmisiri analibe pepala lililonse, ankangoima chapatali, kutsinzina diso limodzi, n'kubwerera ndi kasemasema. Matabwa akatha kukhomedwa, ankalowetsa thonje m'mipata ndi kachitsulo ndi nyundo yamtengo, ndipo kugogoda kwakeko kunkamveka gombe lonse. Maboti atsopano ambiri tsopano ndi a fibreglass, oumbidwa m'chikombole, ndipo amisiri a matabwa amene atsala ndi okalamba.

Koma luso limene linaisandutsa nsombayi kukhala chakudya cha dziko lili m'manja mwa amayi. Nsomba youluka ili ndi minga yambiri, ndipo amene amaichotsa ndi anthu a ntchito yawoyawo, olipidwa potengera kuchuluka kwa nsomba zimene akonza. Ndinakhala tsiku lina pambali pa azakhali pamsika wa Oistins kuyambira m'mawa. Mpeni wawo ndi waung'ono, wowonda chifukwa chonoledwa zaka zambiri. Amapala mamba, kudula mapiko ndi mutu, kutumbula. Mazira ndi zoyera za yaimuna sataya, amaziika m'kambale padera, zokakazinga. Akatero amayendetsa mpeni m'mbali mwa fupa la msana, nsomba n'kutambasuka, fupa n'kuchoka lathunthu. Ntchito yeniyeni imatsala pa timinga tating'ono tondandalikana m'mizere iwiri mumnofu. Amacheka mbali iyi ya mzere, kucheka mbali inayo, n'kusolola kachingwe ka mnofu kamene mwabisala timingato, osaboola khungu la pansi. Zonsezi maso ali kwina, akucheza ndi anzawo, akuitanira ogula. Ndisanamalize kuona bwino imodzi, iwo anali pa yachitatu. Atandiona ndikuyang'anitsitsa mpeniwo anati, "Mwana wanga, usaone mpeni. Ona chala changa chamanthuchi, ndicho chikumva pamene pali munga."

Timikwasa totsala pamene pachoka minga timagwira ntchito kukhitchini. Nsombayo amayamba aiviika m'madzi a ndimu ndi mchere, kenako m'timikwasamo amapakamo zokometsera zosinja pamodzi: anyezi wamasamba, adyo, thyme, marjoram ndi tsabola wowawa. Ena amakazinga, koma pa chakudya chimene dziko lonse limachitcha chawo amaipinda n'kuiphika pang'onopang'ono mumsuzi wa tomato ndi anyezi. Chodyera chake ndi cou-cou, ndipo tsiku loyamba kuona apongozi aakazi akuphika ndinangoti kakasi, chifukwa ndi nsima yophikira m'madzi a therere. Amawiritsa therere lobala loduladula, kutsanulira madzi ake mu ufa wa chimanga chachikasu, kuvundula ndi mthiko wathyathyathya mpaka kulimba, kubwezeramo therere lija, n'kuomolera m'mbale yopaka batala kuti iumbike. Pamwamba amabowolapo kadzenje kothiramo msuzi. Kaphikidwe kameneka kanawoloka nyanja ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, ndipo m'makomo ambiri tsiku lake linali Lachisanu. Kuyambira mu 1977, pa Pasaka paliponse ku Oistins kumachitika chikondwerero cha nsomba, ndipo umodzi mwa mipikisano yake ndi wochotsa minga.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera maboti akuluakulu okhala ndi mosungira ayezi. Awa sankafunika kuthamangira kugombe dzuwa lisanalowe. Ankatha sabata kapena kuposerapo ali panyanja, akutsata nsomba kulikonse kumene yalowera, ndipo nthawi zambiri inkalowera kum'mwera chakumadzulo, kufupi ndi chilumba cha Tobago, makilomita ngati 250 kuchokera kwawo. M'zaka zimenezo nsomba youluka inkaposa theka la nsomba zonse zofika m'madoko a Barbados, ndipo mafakitale anayamba kuiika m'mapaketi n'kuiumitsa m'mafiriji kuti izipezeka chaka chonse. Koma madzi a ku Tobago ali ndi eni ake. Asilikali apanyanja a dziko la Trinidad and Tobago anayamba kugwira maboti a ku Barbados. Mu 1990 maiko awiriwa anapangana zoti maboti owerengeka azilowa atalipira, koma panganolo linali la chaka chimodzi ndipo silinakonzedwenso. Mu Febuluwale 2004, nduna yaikulu ya Barbados ili Owen Arthur, dzikolo linakasuma potsata lamulo la United Nations la zapanyanja.

Barbados inkati asodzi ake akhala akupha nsomba kufupi ndi Tobago kwa zaka mazana. Chigamulo chinatuluka pa 11 Epulo 2006. Oweruza anadula malire motsata pakati pa maiko awiriwa, ndipo anati umboni wa zaka mazanawo sunakwane, usodzi wa kutaliwo unayamba ndi maboti a ayezi. Anakumbutsanso Trinidad and Tobago kuti iyenera kukambirana moona mtima zolola asodzi a Barbados kulowa m'madzi ake. Apongozi, ngakhale amakonda dziko lawo kwambiri, pa mfundo iyi anavomereza oweruzawo. Amati munthu wa ngalawa ya thanga akanafika bwanji ku Tobago n'kubwerako motsutsana ndi mphepo nsomba zisanaole? Nsomba yokhayo sidziwa malire. Mu 1988 akatswiri a pa Bellairs ndi a ku Cave Hill aja anaika zizindikiro pa nsomba masauzande angapo n'kuzibwezera m'madzi, ndipo zina zinakagwidwa kuzilumba zina, umboni wakuti kum'mawa konse kwa nyanja ya Caribbean kuli gulu limodzi loyendayenda. Mu 2014 maiko a m'derali, kudzera m'bungwe la Caribbean Regional Fisheries Mechanism, anagwirizana za ndondomeko yosamalira nsombayi, kuti zophedwa zikafika matani 5,000 pachaka akhale pansi n'kuonanso bwino.

Ndondomekoyo inkaopa kuti anthu apha nsomba mopyola muyeso. Vuto linadzera kwina. Mu 2011 magombe a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Barbados anadzuka atakwiririka ndi udzu wa m'nyanja wotchedwa sargassum, wofiirira, wokhala ndi timatumba ta mpweya touyandamitsa. Udzuwu unalipo kale, koma wochepa, ndipo asodzi akale ankakondwera akakumana ndi kachigamba kake chifukwa pansi pake pankakhala nsomba. Umene unayamba kubwera chaka chimenecho unali wina. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zinasonyeza lamba wa udzu woyambira kumadzulo kwa Africa mpaka ku Gulf of Mexico, ndipo mu Juni 2018 unali wotalika makilomita 8,850 ndi wolemera matani oposa 20 miliyoni. Mwezi womwewo boma la Barbados linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo zogwirira pamodzi: kusintha kwa mphepo ndi kayendedwe ka madzi, chonde chokokoloka mumtsinje wa Amazon, madzi achonde otumphuka kuchokera pansi kufupi ndi Africa, ndi kufunda kwa nyanja. Udzuwo ukaolera pagombe umanunkha mazira ovunda, ndipo ndinaona ndekha ku Skeete's Bay maboti atazingidwa, osatha kutuluka.

Panyanja umakola matchera, kuzinga mapulopela, kutseka mipope yoziziritsira injini. Koma chimene asodzi amachidandaula koposa n'chakuti nyanja yonse yasanduka poikira mazira. Kale chinthu choyandama chinali chosowa, n'chifukwa chake mtolo umodzi wa masamba a nzimbe unkaitana nsomba za dera lonse. Lero nsomba yofuna kuikira ili ndi udzu kulikonse kumene ingayang'ane, ndiye ibwerenji pa mtolo wa munthu? Ena amati nsombazo zilipo, zangomwazikana. Ena amati zasamukira kumadzi ena, enanso amati zachepadi, ndipo akatswiri akufufuzabe. Chimene kaundula wa m'misika akusonyeza n'chakuti chiyambire 2011 nsomba zouluka zofika kugombe zatsika pafupifupi ndi theka, ndipo zaka za udzu wambiri ndizo zimakhala zoipitsitsa. M'malo mwake pansi pa udzuwo pakupezeka nsomba ina imene amaitcha amberfish, imene kale anthu sankaiwerengera, ndi ana a mahi-mahi amene akugwidwa asanaswane n'komwe.

Asodzi asintha, poti m'mimba simudikira. Ambiri tsopano amanyamula mbedza za amberfish pamodzi ndi matchera, n'kukasankha ali panyanja pomwepo. Amene asowa kolowera ndi amayi a mipeni aja. Amberfish ndi nsomba yaikulu, aliyense wodziwa kugwira mpeni akhoza kuidula, ndipo sipafunika mzere wa amayi okonza mazanamazana patsiku. Ulendo wanga wapitawu matebulo ambiri a ochotsa minga anali opanda munthu, ndipo paketi ya nsomba zouluka khumi inali pa mtengo woti banja wamba liganize kawiri. Ndinafunsa azakhali ngati pali atsikana amene akuphunzira ntchitoyi. Anati ofuna alipo, vuto ndi pophunzirira. Iwo anaphunzira masiku a kakobiri kamodzi aja, pamene mayi awo ankawapatsa mulu wa nsomba zotsala madzulo kuti azicheka mmene angathere, ndipo anawononga zambirimbiri dzanja lisanazolowere, popanda wowakalipira. Lero mwini nsomba amawerenga iliyonse, ndipo palibe amene angapereke khumi zokha kwa mwana woti akaziboole khungu.